Ayi achimwene, Sadio Mané sankabisala kumbuyo kwa Salah

Achimwene, mwafunsa ngati Sadio Mané analidi katswiri payekha kapena ankangowala chifukwa chosewera ndi Mohamed Salah pansi pa mphunzitsi Jürgen Klopp, poti atangochoka ku Liverpool mbiri yake inazilala. Ine munthuyu ndayamba kumuonera ali ku Southampton, ndiye mundilole nditalikitseko, chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza.

Mané anafika ku Liverpool ali wakupsa kale. Anabadwa mu 1992, anakulira m'mudzi wa Bambali kummwera kwa Senegal, ndipo mpira weniweni anakauphunzira ku Dakar, ku akademi ya Génération Foot yomwe imatumiza anyamata ake ku Metz ya ku France. Metz itatsika mpaka ligi yachitatu mu 2012, Red Bull Salzburg inamutenga, ndipo ku Austria anakapata ligi ndi chikho mu 2014. Chaka chomwecho Southampton inamugula. Pa 16 Meyi 2015, posewera ndi Aston Villa, anamwetsa zigoli zitatu m'mphindi 2 ndi masekondi 56. Amene anatuluka kukagula mayunitsi pakona anabwerera n'kupeza masewero atatha kale. Tsiku limenelo Salah anali ku Fiorentina, komwe Chelsea inakamubwereketsa itamusowera malo.

Liverpool inamugula mu 2016 pa mtengo wa mapaundi 34 miliyoni, Salah asanabwere ndi chaka chathunthu. Masewero ake oyamba mu ligi, pa bwalo la Arsenal, ananyamuka ndi mpira kumbali yakumanja, kupyola anthu awiri, kulowa mkati n'kuwomba ndi mwendo wamanzere pakona yam'mwamba, kenako anathamanga kukakwera pamsana pa Klopp. Koma umboni waukulu kwa ine ndi wa Januwale 2017. Mané atapita kukasewerera dziko lake ku AFCON (mpikisano wa chikho cha Africa) ya ku Gabon, Liverpool inapambana masewero amodzi okha mwezi wonsewo, ndi Plymouth, timu ya ligi yachinayi. Inatuluka m'zikho zonse ziwiri, Swansea inakaithambitsa pakhomo pawo ku Anfield. Kuchoka kwa munthu mmodzi kunazimitsa timu yonse.

Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri sapaonetsetsa. Chaka choyamba chija Mané ankasewera kumanja, ndipo masapota anamusankha kukhala wosewera wabwino koposa pa timuyo. Salah atabwera mu 2017, malo ake anali omwewo, chifukwa iye ndi wamanzere ndipo amafuna kuchokera kumanja kuti azilowa mkati ndi mwendo wake wamphamvu. Amene anasamuka ndi Mané. Anasiya mbali yomwe anali atangowalapo kumene n'kupita kumanzere, ndipo kumeneko anachita kuposa poyamba. Ndi osewera angati odziwika amene angalole zimenezi popanda kunyanyala?

Mawinga amene tinakula tikuwaonera ife, anamba 7 ndi anamba 11, ntchito yawo inali kukakamira kumzere, kudya munthu njomba, kufika kukona n'kuponyera mpira wamtali kwa womwetsa zigoli. Mané kumanzere kuja sankatero. Roberto Firmino ankabwerera pakati kudzatenga mpira, wotchinga kumbuyo mmodzi n'kumutsatira, ndiye pampata wotsalawo Mané ankalowapo ngati mphezi, kumzere kuja n'kumusiyira Andy Robertson. Mpira ukatayika, iye ndiye ankayamba kuthamangitsa adani, ndipo zigoli zina ankachita kulanda pamapazi a goloboyi, monga anamuchitira Zack Steffen wa Manchester City ku Wembley mu 2022. Ankamenya ndi miyendo yonse iwiri, komanso ngakhale sanali wamtali ankamwetsa ndi mutu. Kumbukirani chamutu chija cha ku Aston Villa mu Novembala 2019, nthawi yowonjezera itatsala pang'ono kutha, chomwe chinapatsa Liverpool chipambano m'chaka chomwe inatenga ligi patatha zaka 30.

Chigoli chomwe ine sindichiiwala ndi cha ku Munich mu Malichi 2019, posewera ndi Bayern Munich mu Champions League. Van Dijk anaponya mpira wautali kuchokera kumbuyo. Mané anauziziritsa ndi kukhudza kumodzi, msana uli kugolo, goloboyi Manuel Neuer atatuluka kale kudzamutsekera. M'malo mopupuluma anatembenuka, Neuer n'kutsala akuyang'ana kwina, iye n'kuunyamula pang'ono ndi wamanzere kudutsa otchinga omwe ankathamangira kugolo. Tinali mu video show yodzadza, ena atakhala pansi kutsogolo kwa mabenchi, ndipo bambo wina wa Manchester United yemwe ankatinyoza usiku wonse anangovula chipewa n'kuchigwira m'manja osayankhula. Chaka chimenecho Mané anamaliza ligi ndi zigoli 22, kufanana ndi Salah ndi Aubameyang, koma zake munalibe penate ngakhale imodzi. Pa fainolo ya Champions League ya 2018, Salah atatuluka ndi phewa lovulala, chigoli chokhacho cha Liverpool anamwetsa ndi Mané. Pa ya 2019 ku Madrid, mpira womwe unamenya mkono wa Sissoko wa Tottenham m'masekondi oyambirira, n'kubala penate yomwe Salah anagoletsa, unachoka paphazi la Mané. Zonse pamodzi anasiya zigoli 120 m'masewero 269.

Za ku Bayern Munich sindikukanirani, sizinayende. Anamutenga mu 2022 Lewandowski akuchoka, ndipo ankayembekezera kuti winga atseke dzenje la munthu womwetsa zigoli 30 ndi kuposa pa chaka. Mu Novembala anavulala mwendo posewera ndi Werder Bremen mpaka kuchitidwa opaleshoni, mphunzitsi anasinthidwa pakati pa chaka, kenako panabwera mkangano uja ndi mnzake wa pa timu Leroy Sané womwe anamuimitsira masewero amodzi. Pamenepo analakwa, palibe chomuikira kumbuyo. Anamaliza ndi zigoli 7 zokha mu ligi, ndipo mu 2023 anapita ku Al-Nassr ya ku Saudi Arabia. Koma munthu wa zaka 30, yemwe mpira wake wonse unali liwiro ndi mphamvu, atathamanga zaka zisanu ndi chimodzi mu mpira wa Klopp wosapumira uja, kenako mwendo n'kulowa mpeni, simungamuyeze ndi chaka chimodzi chimenecho n'kufufuta zonse za m'mbuyo.

Ndipo ngati mukufuna kumuona Mané wopanda Salah, wopanda Klopp, muyang'aneni atavala yunifomu ya Senegal. Kumeneko njira inali yaminga. Pa AFCON ya 2017, m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, iye ndi amene anaphonya penate yomwe inawatulutsa pamaso pa Cameroon, ndipo anachita kumudzutsa pansi akulira. Ku World Cup ya 2018 anatuluka atafanana chilichonse ndi Japan, kusiyana kwake makhadi achikasu basi. Pa AFCON ya 2019 ku Egypt anaphonyanso mapenate awiri, ndi Kenya komanso ndi Uganda, n'kukagonja 1-0 pa fainolo ndi Algeria. Dziko la osewera otchuka chonchija linali lisanagwirepo chikho cha Africa, ndipo katundu yenseyo ankamusenzetsa iye.

AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022 tonse tikuikumbuka chifukwa Senegal inali gulu limodzi ndi ma Flames athu, Zimbabwe ndi Guinea. M'masewero atatu a m'gulu, Senegal inamwetsa chigoli chimodzi chokha, penate ya Mané m'mphindi zomalizira posewera ndi Zimbabwe. Ndi ife ku Bafoussam analephera kutiboola, zinathera 0-0, anyamata athu atamutsekera njira zonse. Penate ija woyimbira anatipatsa Gomezgani Chirwa atagwetsedwa, n'kudzaibweza atakaonera pa VAR, mpaka lero imandiwawa. Sindibisa, usiku umenewo ndinanena ndekha kuti Senegal iyi sipita patali. Koma Mané anamwetsa ndi Cape Verde atangowombana mutu ndi goloboyi mpaka kukathera kuchipatala, anadzamwetsanso ndi Burkina Faso m'ndime yachibwereza, n'kuifikitsa timu pa fainolo.

Pa 6 Febuluwale 2022, pa bwalo la Olembe ku Yaoundé, Salah anali mbali inayo, kaputeni wa Egypt. Mphindi zisanakwane khumi Senegal inapeza penate. Salah anapita kukanong'oneza goloboyi wake Gabaski, Mané anawomba, Gabaski n'kuubweza. Taganizani munthu wa mbiri ya mapenate ngati imene ndafotokozayi, waphonyanso pa fainolo, ndipo akuyenera kusewera mphindi zoposa 110 chinthucho chili m'mutu. Zinathera 0-0, anapita kumapenate, ndipo ya nambala 5 ya Senegal, yoti akagoletsa chikho chapita ku Dakar, anapita kukaitenga ndi Mané yemweyo. Mnyamata amene ndinakhala naye benchi imodzi anagwira mutu n'kunena kuti asamenye ameneyu, aphonyanso. Mané anabwerera m'mbuyo patali, anathamanga n'kuwomba mwamphamvu pansi pakona. Senegal 4, Egypt 2. Salah, yemwe ankadikira kumenya yomaliza ya Egypt, sanaukhudze n'komwe mpira, ndipo Mané asanapite kukanyamula chikho anapita kaye kukamukumbatira mnzakeyo ali m'misozi.

Patangotha milungu isanu ndi iwiri anakumananso, ulendo uno polimbirana malo a ku World Cup ya ku Qatar. Zinafikanso kumapenate. Salah anaponya yake pamwamba pa golo, ndipo yomaliza yotengera Senegal ku Qatar anagoletsanso ndi Mané. Chaka chomwecho anasankhidwa kachiwiri kukhala wosewera wabwino koposa mu Africa, ndipo pa Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wabwino koposa padziko lonse, amene anamuposa ndi Karim Benzema yekha.