Yankho: kupalasa njinga m'mbali mwa Albertkanaal

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kupalasa njinga kuchoka ku Antwerp mpaka ku Liège, mizinda ya ku Belgium, potsata ngalande ya Albertkanaal, komanso ngati zombo zonyamula katundu sizisokoneza. N'zotheka ndithu. Ngalandeyi ndi yotalika pafupifupi makilomita 130, anamaliza kuikumba mu 1939, ndipo mbali yaikulu ya njira ya m'mphepete mwake ndi ya tala, yopanda zitunda.

Zombozo sizikuvutitsani, zili m'madzi inu muli kumtunda. Chovuta ndi madoko a mafakitale. Pamene akutsitsa mchenga, miyala kapena makontena, njira imadukira pompo, mumazungulira kuseri kwa fakitale n'kukabwereranso kutsogolo. Chakufupi ndi Antwerp ndi Genk zimenezi n'zochuluka, choncho tsatirani zikwangwani za manambala za apanjinga, musaumirire kulowa pomwe atseka.

Kwa ine chokoma ndi zipata zamadzi zokwezera zombo. Zilipo pamalo 6: Wijnegem, Olen, Ham, Hasselt, Diepenbeek ndi Genk, ndipo zonse pamodzi zimakweza chombo mamita 56. Imani kaye pa Olen muone chombo chodzaza makontena chikulowa, zitseko n'kutsekeka, madzi n'kuchinyamula pang'onopang'ono. Milatho yambiri anaikweza kufika mamita 9.10 kuti makontena osanjikiza kanayi azidutsa pansi pake.

Mphepo ndiye mdani wanu, poti pamadzipo palibe chotchinga. Nthawi zambiri imachokera kumadzulo chakumwera, ndiye kuyambira ku Antwerp kuli bwino. Musasambemo, makoma ake ndi otsetsereka ndipo chombo chikamadutsa madzi amakoka mwamphamvu.