Kompyuta imodzi, ana atatu, nthawi imodzi

Mayi wina wandilembera imelo. Ali ndi kompyuta imodzi yamphamvu ndithu, koma ana awo atatu amalimbirana madzulo aliwonse. Akufunsa ngati onse angaigwiritse ntchito nthawi imodzi popanda kugula ina.

N'zotheka, mayi, ndipo njira zilipo ziwiri.

Yoyamba amaitcha multi-seat. Bokosi ndi limodzi lomwelo, koma mwana aliyense amakhala ndi sikirini, kiyibodi ndi mausi yakeyake, n'kulowa ndi dzina lake. Pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, zimenezi zilimo kale: mbali yake ina yotchedwa systemd imagawa zipangizo m'mipando (mpando ndi malo a munthu mmodzi), seat0, seat1 ndi ina yotero, ndipo lamulo la loginctl attach ndi limene mumauzira makinawo kuti kiyibodi iyi ndi ya mpando wakuti. Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa graphics card, khadi imene imatumiza zithunzi ku sikirini. Nthawi zambiri mpando uliwonse umafuna khadi yakeyake. Musapusitsidwe ndi mabowo awiri a HDMI, olumikizira sikirini, kumbuyo kwa khadi imodzi. Ine nditayesa koyamba, masikirini onse anayaka bwinobwino, koma mausi ziwiri zinkakokerana kamuvi kamodzi. Windows ya m'nyumba imalola munthu mmodzi yekha pa nthawi. Microsoft inatulutsa Windows MultiPoint Server mu 2010 poganizira masukulu, koma inaileka, choncho ambiri amadalira pulogalamu yogula ya ASTER.

Yachiwiri ndi virtualization. Pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga KVM kapena Proxmox, mumapanga makompyuta ongoyerekezera mkati mwa yeniyeniyo, mwana aliyense yake. Wina akalowetsa vairasi, anzake nthawi zambiri sakhudzidwa. Koma njirayi imadya koopsa RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayendetsa mapulogalamu. Windows 11 imafuna 4 GB pang'ono penipeni, ndiye kwa atatu ndi 12 GB, makina enieniwo asanatengepo gawo lawo, ndipo iliyonse imafuna laisensi yake. Kuti chithunzi chifike pa sikirini ya mwana, mufunikabe graphics card ina, komanso kuyatsa VT-d kapena AMD-Vi (zimene zimalola kompyuta yongoyerekezera kugwiritsa ntchito khadiyo) mu BIOS, pamene mumasinthira zoikamo za makina poyatsa kompyuta.

Poti anawo akungolemba za kusukulu ndi kufufuza pa intaneti, ine ndikuti tengani multi-seat pa Linux. Ikani RAM yosachepera 16 GB ndi SSD, disiki yothamanga kwambiri. Chonde muzisunganso ntchito zawo pa disiki ina, chifukwa bokosili likafa, onse atatu agwira njakata tsiku limodzi.

Musanagule kanthu, tsegulani bokosilo muwerenge malo olowetsa makhadi, otchedwa PCIe, amene ali opanda kanthu, poti ndi momwe mudzalowetse ma graphics card owonjezera, kenaka mundilemberenso.