Lenti ikapeza m'nyumba muli kale njala ndi matenda

Adzukulu awiri a m'gulu la achinyamata a Katolika afunsa zinthu zimene zimayendera limodzi. Mtsikana akuti kwawo akhala akudya kamodzi patsiku kuyambira mu Januwale, mayi ake ali pa mankhwala, ndiye Lenti, nyengo yosala yokonzekera Pasaka, ikafika asalenso chiyani? Mnyamata akuti bambo ake anamwalira chaka chatha, chaka chino madzi akokolola munda, ndipo anzake akumuuza kuti mvula ikakuona litsiro sikata, apite kwa mneneri kapena kwa sing'anga akachotse tsoka la pabanja.

Ndiyambe ndi iwe mtsikana, chifukwa funso lako lili ndi lamulo lomveka, ndipo ambiri amadzizunza posalidziwa. Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti, limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi, ndiye kuno kwathu Lenti nthawi zonse imapeza nkhokwe zitatha, chimanga chisanache, malungo ali pakati. Mpingo umalamula kusala zakudya masiku awiri okha pachaka: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Lamuloli limagwira amene akwanitsa zaka 18 mpaka atakwanitsa zaka 59. Kusalako sikutanthauza kuswera osalawa kanthu. Munthu amadya chakudya chenicheni kamodzi, ndipo amaloledwa kulawa pang'ono m'mawa ndi madzulo, monga phala kapena mbatata, bola zisafanane ndi nsima yachiwiri. Madzi amamwa monga mwa masiku onse. Ukuona tsono kuti banja lanu likudya kale mochepera pa muyeso umene Mpingo umapempha. Palibe chimene mukuyenera kuchotsapo.

Lamulo lachiwiri ndi losala nyama, ndipo limayambira pa zaka 14. Limagwira pa Lachitatu la Phulusa ndi masiku a Lachisanu, makamaka a m'Lenti. Nyama yake ndi ya ziweto, ya kutchire ndi ya mbalame, choncho nkhuku, mbewa ndi mpheta zili m'gulu lomwelo. Usipa, matemba, mazira ndi mkaka n'zololedwa. Aepiskopi a dziko ali ndi mphamvu yoika chinthu china m'malo mwa nyama, n'chifukwa chake muzimvetsera zolengeza za ku tchalitchi. Koma inu a m'tauni amene mumasiya nyama Lachisanu n'kukagula chambo chodula kuposa nyamayo, lamulo mwasunga ndithu, koma mwadzimana chiyani?

Za mayi ako, mvetsa bwino. Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa sakakamizidwa kusala. Munthu amene ali pa ma ARV asadumphe tsiku n'limodzi lomwe poti ndi Lenti, chifukwa kudumphadumpha n'kumene kumachititsa kuti kachilombo kasiye kumva mankhwala. Wa matenda a shuga akamwa mapiritsi kapena kudzibaya insulin m'mimba mulibe kanthu, shuga amatsika kwambiri, munthu n'kunjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka. Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi ngati munthu wadya kanthu ka mafuta, monga phala lotendera nsinjiro kapena mkaka. Ngakhale ola limodzi lija losadya munthu asanalandire Ukaristia siliwerengera madzi ndi mankhwala, ndipo odwala ndi okalamba samangidwa nalo konse. Wina akauza mayi ako kuti asiye mapiritsi kuti aonetse chikhulupiriro, ameneyo sakuyankhula za Mpingo wa Katolika. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limauza wodwala kuti apemphere, alape, kenako aitane dokotala, pakuti nayenso anamulenga ndi Mulungu.

Nanga iwe usale chiyani? Mu Mateyo 6, mawu amene amawerengedwa pa Lachitatu la Phulusa, Ambuye anatchula zitatu: kuthandiza osauka, kupemphera ndi kusala. Wopanda ufa ali ndi manja. Pita ukatungire madzi agogo a pafupi nanu, ukapalire m'munda mwa mayi wamasiye, ukagonere wodwala kuchipatala kuti womudikirira akapume. Mneneri Yesaya m'mutu 58 anadzudzula anthu osala amene tsiku lomwelo ankakangana ndi kupondereza antchito awo. Inu amene muli ndi kangachepe, werengani ndalama imene mwapulumutsa posiya mowa, bando ya foni kapena kubetcha pa mpira, muipereke Lamulungu lomwelo ku mphakati wanu (kagulu ka Akhristu a m'dera lanu) kapena ku banja limene mukulidziwa. Ndalama ikatsala m'thumba mwanu, kumeneko kunali kusunga chabe.

Tsopano iwe mnyamata. Funso lako ndi lolemera, ndipo sindikulonjeza kuti ndikufotokozera chifukwa chimene bambo ako anapitira. Koma maganizo akuti aliyense wovutika ali ndi mlandu kapena walodzedwa, Ambuye anawakana poyera. Mu Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yankho linali lakuti palibe. Mu Luka 13 anakumbutsa anthu za 18 aja amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kunena kuti sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Namondwe Freddy anafika m'Malichi 2023, Lenti ili pakati, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Kodi onse aja, makanda omwe, anali ndi tsoka la pamtundu? Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufunira tchimo, Mulungu anawakwiyira iwowo.

Kumene anzako akukutumako, zimene zimachitika timazidziwa. Wochotsa tsoka sabweza munthu chimanjamanja, amayenera kutchula wina. Kawirikawiri amatchula nkhalamba ya pamudzi, azakhali kapena amalume, anthu omwewo amene akanakugawirani mbewu. Mbuzi yotsalayo imapita ku malipiro, abale amasiya kulonjerana, ndipo munda ukadali wokokoloka.

Kukhulupirira Mulungu m'masautso sikufuna kuti uzimwetulira. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo Salimo 22, limene Ambuye anayamba kulinena ali pamtanda, limafunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Munthu wodandaula choncho akuyankhulabe ndi Mulungu wake. Ulire, ufunse, koma usaleke kupemphera ngakhale mtima uli wouma. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anabwera kuno m'Meyi 1989, analemba kalata yonse pa nkhani ya masautso mu 1984, ndipo mfundo yake ndi yakuti Mkhristu angathe kuphatikiza zowawa zake ndi za Khristu kuti zipindulire ena. M'kalata yomweyo anakumbutsa za Msamariya wachifundo, kusonyeza kuti zowawa zimene zingathe kuchotsedwa tizichotse. Njira yake ndi yapafupi. M'mawa tchula chimene chikukupweteka ndi dzina lake, utchulenso munthu amene ukumuperekera, kaya mayi ako kaya mng'ono wako, kenako dzuka ukachite chimene chingachitike lero: kukaonana ndi alangizi a zaulimi, kufunafuna mbewu ya mbatata kapena ya chinangwa, kudziwitsa a mphakati. Kupirira kwa Chikhristu sikutseka pakamwa. Kalata ya aepiskopi imene inagwedeza dziko lino inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndipo inadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, komanso kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu.

Lachisanu madzulo pita ku Njira ya Mtanda. Malo oimapo alipo 14, ndipo m'menemo Ambuye amagwa katatu, amakumana ndi amayi awo, amathandizidwa ndi Simoni wa ku Kirene amene anachita kukakamizidwa. Usathamangire kumaliza. Ukapeza malo amodzi amene akukhudza za kwanu, bwererako m'maganizo ukafika kunyumba.

Nonse awiri musaphonye kulapa. Phulusa la pamphumi, lochokera ku kanjedza wa chaka chatha, silichotsa tchimo, ndipo aliyense angathe kulilandira, ngakhale wosabatizidwa. Chimene Mpingo umalamula ndi kuulula machimo aakulu kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia m'nyengo ya Pasaka. Usiku woti mawa ukalape, dzifufuze motsata malamulo khumi. Ukagwada, nena nthawi imene unalapa komaliza, utchule tchimo ndi dzina lake ndiponso kuti kangati, mmene ungakumbukire. Anthu amalakwitsa pawiri. Ena amafotokoza machimo a apongozi ndi a mnansi mpaka awo osatchulidwa. Ena amabisa dala tchimo lalikulu chifukwa cha manyazi, ndipo kulapa koteroko sikugwira ntchito, pomwe tchimo loiwalika moona limakhululukidwa, umangolitchula ulendo wotsatira. Wansembe sangaulule zimene wamva, ngakhale kwa apolisi. Ngati unaba kapena unanamizira munthu ufiti, uyenera kubweza chinthucho kapena kuyeretsa dzina lake pamaso pa amene unawauza.

Iwe mtsikana, ngati matenda a mayi ako akula, musadikire kuti afike posiya kuyankhula. Sakramenti la Kudzoza Odwala, lochokera mu Yakobe 5, ndi la aliyense wodwala kwambiri, wokalamba wofooka kapena woyembekeza opaleshoni yaikulu, ndipo limatha kubwerezedwa. Amapereka ndi wansembe yekha. Uzani katekisiti kapena mtsogoleri wa mphakati msanga, chifukwa sabata yoyera, yomwe imathera pa Pasaka, ikayandikira ansembe amakhala akuzungulira m'matchalitchi a kumidzi, ndipo misewu ina nyengo ino galimoto sidutsa.