Gitala timasewera kapena timaimba?

Funso loyamba lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, akuti mwana wawo analemba kusukulu kuti "amalume amasewera gitala" ndiye aphunzitsi anamuthetha, kodi analakwa pati poti pa wailesi tikumamva choncho daily?

Mayi, aphunzitsiwo sanamulakwire mwana. Pa Chichewa timasewera mpira, bawo, fulaye, koma gitala timaimba. Kusewera gitala ndi Chingerezi chovala zovala zathu basi, ndipo mukawauza agogo kumudzi kuti mwana akusewera gitala aganiza kuti akuiseweretsa mwina adula nsambo. Mawu oti kuimba kwa ife ndi otakata, amagwira pakamwa komanso pa chida, nchifukwa chake timati Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba gitala, Allan Namoko wa ku Thyolo ankaimba banjo, ndipo palibe amene amasokonezeka. Bangwe, kaligo, sansi, ulimba wa ku Nsanje, zonsezi timaimba. Ng'oma ndiye ili ndi mwayi, mutha kuiimba, kuiomba ngati mmene timaombera m'manja, kapena kuiliza. Chida chikamatulutsa mawu timati chikulira, mukumbuke mwambi uja woti ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Ine zimandiwawa ndithu ndikamamva owulutsa mawu akunena za kusewerazi chifukwa ana amatengera iwowo.

Bambo wina wa ku Kasungu akufunsa ngati nkoyenera kunena kuti "chamba cha manganje" poti chamba ndi fodya wamkulu uja. Nkoyenera bambo, osachita manyazi. Chamba ndi mtundu wa gule kapena maimbidwe, mawuwa ndi akale, chimtali ndi chamba, chioda ndi chamba, ndipo lero achinyamata akumati chamba cha rege, zili bwinobwino. Nkhani yake ndi imene imakuuzani kuti akunena chiti.

Funso lachitatu ndi la mtsikana amene akuti amalemba za chikhalidwe, akufunsa kuti alembe "magule aakulu" akamanena za Gule Wamkulu akakhala ambiri? Ayi chemwali. Gule Wamkulu ndi dzina, ndi mmodzi, ngakhale bungwe la UNESCO pomulemekeza mu 2005 pamodzi ndi vimbuza wa Atumbuka inalemba dzina lomwelo. Zikatuluka zambiri pabwalo timati zilombo, kapena vilombo mmene ena amanenera, ndipo chilichonse chili ndi dzina lake, kasiyamaliro, chadzunda, kang'wing'wi, makanja. Chonde musadzalembe kuti "anthu ovala zigoba", kwa eni mwambo kumeneko nkutukwana, chilombo chimachokera kudambwe ndipo si munthu. Mukafuna kuona maina ambiri pitani kumalo osungira za chikhalidwe a Kungoni ku Mua, kapena ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia mwezi wa Ogasiti. Magule mutha kunena mukamasonkhanitsa mitundu yosiyana, ingoma, tchopa, malipenga, beni.

Pa beni pomwepo, wina anandifunsa ngati dzinali ndi lathu. Linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza bandi ya asilikali, nchifukwa chake ovina ku Mangochi amavala ngati asilikali nkumaguba. Koma pano ndi lathu, lembani beni, osalibwezeranso ku Chingerezi.