Yankho kwa alamu pa za dzino la Chisomo

Alamu, ndamva uthenga wanu uja woti Chisomo anagwa pakhonde dzulo madzulo ku Mufakose mu mzinda wa Harare, dzino lakutsogolo n'kugulukiratu ndi muzu womwe, ndipo mukufunsa ngati munalakwa posalibwezera monga anakuuzirani aneba anu. Simunalakwe ayi. Chisomo ali ndi zaka 4, choncho dzino limenelo ndi la ubwana, ndipo lotere salibwezera, chifukwa pansi pake mu usinini muli dzino lachikulire limene likukula, lomwe likhoza kuwonongeka ngati wina akankhirapo dzino lakale. Mpata umenewo ukhala choncho mpaka atafika zaka 6 kapena 7, pamene mano akutsogolo achikulire amayamba kumera.

Komabe ndikupemphani kuti mupite naye kwa dokotala wa mano lero lomwe, akaone ngati mano oyandikana nalo sakugwedera ndiponso ngati mkati simunatsalire kachidutswa ka muzu. Munyamule khadi lake la katemera, popeza anagwera pansi, kuti akaonenso za kafumbata. Ngati akusanza, akuwodzera mosadziwika bwino kapena akudandaula mutu kwambiri, nkhani ya dzino iyambe yaima, muthamangire naye ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kumene ambirife timangoti ku Gomo. Zowawa muzimupatsa panado ya ana, osati aspirin, ndipo adye phala ndi zina zofewa kwa masiku angapo.

Chimene chandichititsa kuyankha m'gulu muno m'malo mokuimbirani panokha ndi mkulu wake Mphatso, amene ali ndi zaka 9 ndipo sachoka pa mpira. Zikanachitikira iyeyo, mawu a aneba anu akanakhala oona, pakuti dzino lachikulire likapita palibenso lina lodzamera. Pa muzu wa dzino pali timinofu tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timalumikiza dzino ku fupa, ndipo timeneti timafa dzino likauma. Likakhala louma kwa mphindi 60, pafupifupi tonse timakhala titafa. N'chifukwa chake munthu amene ali pafupi ndi mwanayo, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi agogo, ndi amene angalipulumutse kuposa dokotala yemwe mungamupeze patapita maola atatu mutadikira kombi.

Dzino lachikulire likaguluka, mulitole pogwira kumutu kwake, mbali yoyera imene timaiona mwana akaseka, osakhudza muzu. Ngati lili ndi dothi, mulitsukuluze pang'ono ndi mkaka, osalikwecha kapena kulipaka sopo, kenako mulilowetse pang'onopang'ono m'dzenje lake moyang'ana mmene linzakelo lakhalira, mwanayo alume kansalu koyera kuti lisasunthe. Ndikudziwa kuti magazi akamatuluka mwana akulira, manja a kholo amanjenjemera, ndipo si aliyense angalimbe mtima. Zikatero, liikeni m'kapu ya mkaka, ngakhale wa Chimombe wa pa tuckshop, kapena mwanayo alavulire malovu m'kabotolo muliviike mmenemo. Madzi a pampopi amawononga timinofu tija. Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa ntchito yanga ya unamwino ndi kuona mayi atakulunga dzino bwinobwino m'pepala, mwachikondi ndithu, osadziwa kuti pepalalo likuliumitsa.

Dokotala amalimangirira ku mano oyandikana nalo ndi kawaya kwa masabata pafupifupi awiri, ndipo nthawi zambiri amadzafunikanso kukonza mkati mwa muzu, choncho masiku obwerera kuchipatala si odumpha. Dzino likangobenthuka, kachidutswako mukasungenso mumkaka, chifukwa nthawi zina amatha kukamatanso. Likasowa osapezeka konse mwana n'kumatsokomola, mukanene kuchipatala kuti amujambule pachifuwa.

Mukabwerako ndi Chisomo mundiuze zimene anena, alamu, ndipo mawa ndidutsa kudzamuona ndikaweruka.