Ka RNA kakang'ono kamene kamatseka jini pakamwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a bayoloje a pasekondale ina ku Dedza. Akuti mtsikana wina wa Fomu 4 anawafunsa m'kalasi kuti, ngati maselo onse a m'thupi ali ndi DNA yofanana, nanga bwanji chiwindi sichimera tsitsi? Iwo anamuyankha kuti majini ena amayaka pamene ena amazima. Mwana uja sanakhutire, anafunsanso kuti wozimitsayo ndani. Aphunzitsiwo anamvanso kuti mphoto ya Nobel ya zachipatala ya 2024 inapita kwa anthu amene anatulukira microRNA, ndiye akufunsa ngati nkhani ziwirizi zikugwirizana.

Zikugwirizana ndithu aphunzitsi, ndipo mwana ameneyo mumusamale.

Tiyambe ndi zomwe zili kale m'mabuku anu. Majini (ndikunena a m'maselo, osati aja amagwira anthu n'kumawavinitsa usiku) ndi zigawo za DNA zomwe zili ndi malangizo opangira mapuloteni. DNA ili ngati buku lalikulu la mu ofesi ya ahedi, lija saloleza kutuluka nalo. Wofuna tsamba amakopera pakapepala n'kupita nako kumene kuli ntchito. Kapepalako ndi mRNA, ndipo amene amakawerenga n'kupanga puloteni ndi ribosome. Kuyambira cha m'ma 1960 asayansi ankadziwa kuti pali mapuloteni ena amene amakhala pa DNA n'kumasankha tsamba loti likopedwe. Yankho limeneli n'loona, ndipo pamayeso likhoza kumupatsa mwana malikisi. Koma kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo RNA ankangoiona ngati mthenga wongotumidwa.

Chinawatsutsa ndi kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kotalika milimita imodzi yokha, koonekera mkati ngati galasi. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, amene analandira Nobel ija, anakumana m'ma 1980 mu labu ya Robert Horvitz ku yunivesite ya MIT ku America, ndipo onse anali ndi chidwi ndi tinyongolotsi tina tomwe tinkasokoneza nthawi yokulira. Tina tinkabwereza msinkhu womwewo, tina tinkadumpha. Zinkaoneka kuti jini yotchedwa lin-4 imaletsa inzake yotchedwa lin-14, koma njira yake inali yosadziwika. Ambros atatsegula labu yake ku Harvard, iye pamodzi ndi Rosalind Lee ndi Rhonda Feinbaum anapeza chodabwitsa: lin-4 sipanga puloteni n'komwe. Imangotulutsa ka RNA ka zilembo pafupifupi 22 basi. Ruvkun naye, ku Massachusetts General Hospital, anaona kuti mRNA ya lin-14 imalembedwa bwinobwino, koma puloteni yake osaoneka. Atayerekezera zomwe aliyense anapeza, anaona kuti zilembo za ka RNA kaja zikulumikizana ndi za kumchira kwa mRNA ya lin-14, ngati mano a zipi. Kapepala kanali katalembedwa kale, koma wina ankakagwira panjira kasanawerengedwe.

Zimenezi zinasindikizidwa mu 1993 m'magazini ya Cell, koma anthu sanatekeseke nazo. Ambiri ankati n'zachilendo za nyongolotsi chabe. Panapita zaka 7. Mu 2000 gulu la Ruvkun linapeza ka RNA kachiwiri, let-7, ndipo kanapezekanso mu ntchentche, mu nsomba, mwa munthu. Pamenepo ndiye mpikisano wofufuza ma RNA aang'onowa, amene anadzatchedwa microRNA, unayambika. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi majini a microRNA oposa 1,000, ndipo akatswiri amayerekeza kuti majini opanga mapuloteni oposa theka amakhudzidwa nawo. (Rosalind Lee, amene dzina lake linali loyamba pa pepala la 1993, ndi mkazi wa Ambros. Mphoto sanagawireko, ndipo ine zimandinyong'onya.)

Ntchito yake imayenda chonchi. MicroRNA imabadwa ili yaitali, yopindika ngati chipini cha m'tsitsi. Enzaimu yotchedwa Drosha imaidula ili m'kati mwa nyukiliyasi, ina yotchedwa Dicer imaidulanso ikatuluka kunja, kenako kachidutswa kotsalako kamanyamulidwa ndi puloteni yotchedwa Argonaute. Awiriwa amayendera limodzi ngati mlenje ndi galu wake: ka RNA kamanunkhiza, puloteni imagwira. Zilembo zofunika kwambiri pofufuza ndi zochepa, kuyambira chachiwiri kufika chachisanu ndi chitatu. Poti n'zochepa choncho, microRNA imodzi ikhoza kugwira ma mRNA mazanamazana osiyanasiyana. MRNA yogwidwayo imawerengedwa mochepa, ndipo nthawi zambiri imaphwanyidwa msanga.

Apa mpamene ndingakonze pang'ono mawu anu aja akuti kuyaka ndi kuzima. MicroRNA kawirikawiri sizimitsa jini kotheratu. Imangochepetsa, ngati mayi wophika amene akusolola nkhuni imodzi kuti ndiwo zisapserere. Ndipo chiwalo chilichonse chili ndi zakezake. Chiwindi chadzaza ndi miR-122, yomwe kwina m'thupi sipezeka kwenikweni. Minofu ili ndi miR-1, ubongo uli ndi miR-124. Choncho mwana wanu mungamuuze kuti ozimitsa alipo a magulu angapo: mapuloteni amasankha masamba okopedwa, ma RNA aang'ono amatsinira moto wa zomwe zakopedwazo. Zikalakwika zimaoneka. Mabanja ena ali ndi vuto lotengera kumtundu la kusamva chifukwa cha chilembo chimodzi chosintha mu miR-96, ndipo kuwonongeka kwa jini ya Dicer kumabweretsa zotupa zina zosowa, makamaka mwa ana.

Nanga mankhwala? Pano pafunika kusathamanga magazi. Pofika nthawi imene Nobel ankaperekedwa mu 2024, panalibe mankhwala a microRNA ngakhale amodzi ovomerezeka. Ena olimbana ndi khansa, otchedwa MRX34, anasiyidwa mu 2016 chifukwa chitetezo cha m'thupi cha odwala ena chinadzuka moopsa. Kugwira ma mRNA ambiri nthawi imodzi n'kwabwino kwa selo, koma kwa dokotala ndi mutu waukulu. Amene wapambana ndi msuweni wa microRNA, ka RNA kena kakang'ono kotchedwa siRNA. Mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello, pa kanyongolotsi komweko, anaonetsa kuti RNA ya mizere iwiri imatontholetsa jini yofanana nayo zilembo, ndipo analandira Nobel mu 2006. SiRNA imadutsa mwa Argonaute yemweyo, koma imalunjika pa mRNA imodzi yokha n'kuidula. Mankhwala oyamba a mtunduwu, patisiran, anavomerezedwa ku America mu 2018. Ena, inclisiran, amatontholetsa jini ya PCSK9 m'chiwindi kuti mafuta oipa atsike m'magazi, ndipo wodwala akazolowera amabayidwa kawiri kokha pachaka. Mtengo wake ndi wosati n'kuutchula pachipatala cha kumudzi.

Zomwe zayandikira kwathu n'zakumunda. Alimi a chinangwa a m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, amadziwa matenda aja oti mtengo umaoneka ngati uli bwino, koma ukazula n'kudula umapeza m'kati mwaola mwabulauni. Amayamba ndi kachilombo ka vayirasi kamene chibadwa chake ndi RNA. Ofufuza a ku Kenya ndi Uganda, mogwirizana ndi Danforth Center ya ku St. Louis, anaika kachidutswa ka zilembo za vayirasiyo m'chinangwa kuti mbewuyo izipanga yokha ma RNA aang'ono ousaka. Mu 2021 bungwe loona za mbewu zosinthidwa chibadwa ku Kenya linalola kuti chinangwachi chipite ku mayeso a m'minda ya m'dzikomo. Mkangano wa mbewu za GMO ndi wa tsiku lina, koma njira yake ndi yomweyi ya Dicer ndi Argonaute.

Kafukufuku wa masiku ano wapita mbali zinanso. Pali tizizindikiro timene selo limamata pa mRNA, monga m6A, tomwe timanena ngati kapepalako kakhalitse kapena katayidwe msanga. Chidwi pa zimenezi chinakula mu 2011 pamene gulu la Chuan He ku Chicago linaonetsa kuti chizindikirocho chimafufutika. Palinso ma RNA ataliatali osapanga puloteni, okwana masauzande, ndipo akatswiri akukanganabe kuti ogwiradi ntchito ndi angati. Ine ndili mbali ya okayika: kupezeka kwa RNA m'selo si umboni woti ikugwira ntchito.

Koma imodzi mwa izo ndi yosakayikitsa, ndipo mukhoza kuionetsa m'kalasi popanda maikulosikopu. DNA ya m'selo imakhala m'timitolo totchedwa makromozomu, ndipo mkazi ali ndi makromozomu awiri a X, mwamuna imodzi. Mu 1961 Mary Lyon wa ku Britain ananena kuti selo lililonse la chachikazi limagoneka X imodzi mwana akadali kamluza. Patapita zaka 30 zinadziwika kuti yomwe imaigoneka ndi RNA yotchedwa Xist, ya zilembo pafupifupi 17,000, imene imakuta kromozomu yonseyo ngati bulangeti. Mwa mphaka, jini yosankha ubweya wofiirira kapena wakuda ili pa X. Malo amene X ya kwa mayi inagonekedwa pamamera mtundu wina, pamene inagonekedwa ya kwa bambo pamamera winawo.

Ndiye Lachisanu muwatume ana anu kuti Loweruka ndi Lamlungu akayende m'mudzi, akafufuze amphaka a mawanga akuda ndi ofiirira pathupi limodzi, akawatembenuze aone ngati ali aamuna kapena aakazi. Lolemba muwerengere limodzi pabolodi. Wamwamuna akapezeka, mundilembere, chifukwa ameneyo mwina ali ndi ma X awiri ndi Y imodzi.