Msuweni, za mwala wa ku Blarney zija mundimvere kaye

Msuweni, ndawona uthenga wanu, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu pompano pagulu kuti enanso amve. Mwafunsa kuti mwa nyumba zakale zamalinga za kuno ku Ireland yotchuka kwambiri ndi iti, komanso ngati zimene amakamba za mwala wa ku Blarney zili zoona. Koma inuyo ndimakudziwani kuyambira muli kamwana, ndipo simunakhalepo ndi chidwi ndi makoma akale. Chimene chikukusowetsani tulo ndi choti azakhali akubwera ku mwambo wanu wolandira digiri, ndipo simukudziwa kopita nawo pa tsiku limene lidzatsale mwambo ukadzatha. Ndiye ine ndiyankha zimenezo.

Yotchuka ndi Blarney imeneyo, palibe angatsutse. Ili pa mtunda wa makilomita 8 kuchokera mumzinda wa Cork, ndipo nsanja imene ilipo lero anaimanga a banja la MacCarthy cha m'ma 1446. Mwalawo uli pamwamba penipeni, m'khoma lotulukira kunja, moti kuti munthu aupsompsone amagona chagada, amagwira zitsulo ziwiri, kenako amatsitsa mutu chakumbuyo pamwamba pa mpata, wogwira ntchito pamenepo atamugwira m'chiuno. Amati woupsompsona amasanduka katakwe pa kulankhula. Inuyo msuweni mwalawo simukuusowa ayi, pakuti pa chinkhoswe chija cha ku Area 25 munalankhula mpaka nsima inazizira, ndipo mboni zili pagulu pompano.

Tsopano dikirani, ndikuuzeni za amalume anu, bambo anga aang'ono a ku Ntcheu, chaka chija anabwera ku ubatizo wa mwana. Mukudziwa kuti iwo ndi mmisiri, moyo wawo wonse akhala akumanga nyumba za anthu, ndiye atamva kuti kuno kuli nyumba zamiyala za zaka zoposa 500 anati sabwerera asanazigwire ndi manja awo. Tinapita ku Blarney Loweruka... ayi, linali Lachisanu, chifukwa ndinali nditangoweruka ku ntchito ya usiku. Pansi zinthu zinayenda bwino kwambiri. Anayenda mozungulira nsanjayo akugogoda khoma, akukanda pakati pa miyala ndi chikhadabo kuti aone laimu amene ankamangira, ndipo anadabwa kuona kuti khomalo n'lokhuthala kwambiri pansi ndipo limanka lipyapyala pokwera. Zinavuta titayamba kukwera. Masitepe ake ndi oposa 100, amiyala, ozungulirazungulira, opapatiza moti anthu awiri sangapatukirane, ndipo ndi osalala chifukwa cha mapazi a anthu a zaka zonsezi. Tili pakati bondo lija la kubanja kwathu linawagwira. Kubwerera kunali kosatheka, chifukwa kumbuyo kwathu kunali mzere wa alendo mpaka pansi. Anakwera akupuma pa zenera lililonse, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira, ndipo titafika pamwamba anangouyang'ana mwalawo n'kupukusa mutu. Ananena kuti munthu wamkulu sangagone chagada pagulu, mwana wa eni atamugwira m'chiuno. Anakhala pansi n'kumayang'ana mkati mwa nsanjayo, mmene mulibe denga, mungotsala mabowo m'khoma osonyeza pamene panali mitanda. Pobwerera kwathu ku Limerick sanalankhule kanthu, ndipo usiku umenewo bondolo tinalithowa ndi madzi otentha.

Patapita masiku angapo ndinawanyengerera kuti tipite ku Bunratty, kufupi ndi kwathu kuno, pamsewu wopita ku bwalo la ndege la Shannon. Poyamba anakana, anati miyala ya azungu yawakwana. Nyumba imeneyo inamangidwa ndi a MacNamara cha m'ma 1425, kenako inakhala m'manja mwa a O'Brien, ndipo itatsala pang'ono kugwa anaigula Lord Gort m'zaka za m'ma 1950, n'kuikonza, kuibwezera denga ndi kuikamo mipando, matebulo ndi nsalu zapakhoma za nthawi imeneyo, mpaka inatsegulidwa kwa anthu mu 1960. Pakhomo amalume anu anaima nthawi yaitali akuyang'ana bowo limene lili kudenga, lomwe alonda ankaponyerapo zinthu pa mdani amene wathyola chitseko. Anakwera pang'ono chabe, kenako anati zakwana, ndipo tinatuluka kupita kumudzi umene anaumanga mozungulira nyumbayo, wosonyeza mmene anthu wamba ankakhalira m'zaka za m'ma 1800.

Kumeneko ndi kumene munthu uja anatsitsimuka. Kuli kanyumba ka anthu a m'mbali mwa nyanja, kofolera ndi udzu, kamene denga lake analimanga ndi zingwe kuti mphepo ya ku Atlantic isalisasule, ndipo iwo anazungulira kanyumbako akuwerenga zingwezo ndi kuona mmene anazimangirira. Mkati munali moto wa turf, dothi lakuda la m'madambo limene amalidula n'kuliumitsa kuti likhale ngati nkhuni, ndipo mayi wina wovala zakale ankaphika buledi. Amalume anu anakhala pa kampando pafupi ndi motowo n'kunena kuti utsiwo ukununkha ngati kukhitchini kwa agogo. Kenako tinalowa m'nyumba ina imene banja linkagona mbali imodzi, ng'ombe mbali inayo, pansi pa denga limodzi. Apo anakhala chete, kenako anandifunsa ngati azungu nawonso anasaukapo chonchi. Ndinawafotokozera za njala yaikulu imene inayamba mu 1845 mbatata ya kachewere itagwidwa ndi matenda, mmene anthu pafupifupi 1 miliyoni anafera ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja. Anatembenuka n'kuyang'ana nsanja ija kudzera pakhomo, ndipo ananena kuti tsopano aimvetsa, chifukwa aona amene ankagona mkati mwa linga ndi amene ankagona kunja kwake. Tinatuluka ogwira ntchito akutseka zipata, ndipo mpaka lero akaimba foni amafunsa za zingwe za denga lija.

Nyumba zimenezi zilipo zambirimbiri m'dziko lonseli, msuweni, chifukwa kuyambira pamene a Norman, ankhondo ochokera ku Britain, anafika mu 1169 aliyense wolanda malo ankamanga linga kuti awateteze, ndipo mu 1429 lamulo linalonjeza mapaundi 10 kwa aliyense womanga nsanja m'dera lozungulira Dublin. Alendo ambiri, makamaka ochokera ku America, amabwera kudzafuna mayina a makolo awo, a O'Brien, a MacCarthy, a Butler, ndipo ena amalira ndithu akaima pamalopo. Dublin Castle imene mumaidutsa inu popita m'tauni inali likulu la ulamuliro wa Britain mpaka mu January 1922, pamene inaperekedwa kwa Michael Collins, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Ireland, ndi anzake, ndipo imeneyo mukhoza kuwaonetsa azakhali madzulo alionse. Trim ndi yaikulu kuposa zonse zimene anamanga a Norman, koma ndi makoma ndi masitepe basi. Dunluce, imene mumaiona pa zithunzi ili pa phompho m'mbali mwa nyanja, muiiwale, chifukwa ili ku Northern Ireland ndipo kumeneko kumafunika chitupa cholowera ku UK.

Ndiye chimene ndikunena ndi ichi: azakhali musapite nawo ku Blarney, koma mubwere nawo ku Bunratty, malo amodzi okha, ndipo muwapatse tsiku lonse. Bondo la amalume anu ndi lomwelo lili ndi azakhali, kapena ndinene kuti lawo ndi loposa, pakuti munaona nokha mmene ankatsikira galimoto pa maliro aja. Ku Bunratty akhoza kuona nsanja ali pansi, kulowa pamene angathe, kenako kuyenda pang'onopang'ono m'mudzimo, kukhala pamoto, kumwa tiyi ndi kufunsa mafunso awo, ndipo mukudziwa kuti mafunso sawathera. Mukwere sitima pa siteshoni ya Heuston ku Dublin, ndi ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa kufika ku Limerick, ine ndidzakutengani pa siteshoni ndipo mudzagona kwathu. Phwando la usiku limene amakonza m'nsanjamo mulisiye, chifukwa limatha mochedwa, lili ndi vinyo wa uchi, ndipo azakhali sangamasukeko.

Ngati nthawi idzachepe kwenikweni, mudzapite ku Kilkenny, ola limodzi ndi theka pa sitima. Nyumba yamalinga ya kumeneko banja la Butler linakhalamo kuyambira 1391 mpaka 1935, ndipo mu 1967 linaigulitsa kwa anthu a mumzindawo pa mapaundi 50 okha. Ili ndi chipinda chachitali chodzaza ndi zithunzi zojambula pamanja, ndiponso bwalo lalikulu la kapinga m'mbali mwa mtsinje wa Nore pamene munthu angapumule. Komabe mfundo yanga sikusintha: nyumba imodzi, tsiku lathunthu, pamalo pamene mayi wachikulire angakhale pansi akatopa. Musawathamangitse m'mabasi aja oyendera malo atatu tsiku limodzi pofuna kuti mudzatumize zithunzi zambiri pagulu pano.

Mwala uja mudzapita kukaupsompsona nokha ndi anzanu a kusukulu, ndipo mudzatiuza ngati mawu anu awonjezereka. Koma azakhali mubwere nawo ku Bunratty, ndipo tsikulo likhale lawo lonse. Muwauze anyamule nsapato zosaterera ndi jekete la mvula, ndipo mundiuze tsiku msanga kuti ndipemphe tchuthi ku ntchito.